Kugula Saluni Yomwe Ikugwa Osasiya Ntchito Yanu Yodzilemba Nokha

Chigulireni saluni yomwe inatsala pang'ono kutsekedwa, anthu akhala akundifunsa funso limodzimodzi: kodi munatani kuti idzuke chonsecho ntchito yanu ya pa kompyuta simunaisiye? Ndayankha pafoni, ndayankha pa WhatsApp, ena ndawayankha nditaima pakhomo pa saluni penipenipo, koma nthawi iliyonse ndimakumbukira mochedwa kuti china chofunika sindinachinene. N'chifukwa chake ndalemba zonse pamodzi.

Ine ndimajambula zithunzi za malonda ndi zikuto za mabuku. Ndilibe abwana, ndimalipidwa ntchito ikatha, zimene ambiri amati freelance. Kuluka tsitsi sindidziwa, ndipo malangizowa ndi a munthu wotere, amene mutu wa kasitomala saugwira. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa, ndipo ananena zoona. Ntchito ziwirizi zimatheka pokhapokha mutavomera kuyambira tsiku loyamba kuti saluniyo idzayenda ndi manja a anthu ena. Mipando, magalasi ndi madraya mukhoza kuzigula kulikonse. Chimene mukulipirira kwenikweni ndi anthu ogwira ntchito mmenemo komanso makasitomala amene amawakhulupirira, ndipo onsewa akhoza kuchoka tsiku lomwe mwapereka ndalama.

1. Yambani mwadziwerengera nokha

Musanaone saluni iliyonse, tengani zimene mwalandira pa ntchito yanu kwa miyezi 12 yapitayi. Musayang'ane mwezi umene zinayenda bwino. Yang'anani miyezi itatu imene munapeza zochepa kwambiri, chifukwa saluni idzafuna thandizo lanu ngakhale m'miyezi ngati imeneyo. Ngati pa miyezi yoipayo munkavutika kulipira zapakhomo, dikirani kaye.

Kenako lembani manambala awiri papepala. Yoyamba ndi ndalama yogulira saluniyo. Yachiwiri ndi ndalama yoiyendetsera, yokwana lendi ndi malipiro a antchito kwa miyezi itatu ngakhale pasabwere kasitomala ndi mmodzi yemwe. Ambiri amathera mpamba wonse pogula, kenako mwezi woyamba ukatha amayamba kubwereka. Mukaphatikiza manambala awiriwa, amenewo ndiwo malire anu. Ngati kutaya ndalama imeneyo kungagwetse banja lanu, saluniyo ndi yaikulu kuposa msinkhu wanu.

Werengeraninso nthawi. Saluni imadzaza madzulo ndi kumapeto kwa sabata, komanso nyengo za zikondwerero. Onani ngati nthawi zimenezi sizikuwombana ndi masiku amene makasitomala anu a pa kompyuta amafuna ntchito yawo. Miyezi itatu yoyamba idzakudyerani maola ambiri kuposa mmene mukuganizira, choncho chepetsani ntchito zimene mukulandira m'nyengo imeneyo musanasaine chilichonse.

2. Pitani ngati kasitomala musanapite ngati wogula

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pitani ku saluniyo katatu kapena kanayi pa nthawi zosiyana: m'mawa pakati pa sabata, madzulo, ndi tsiku limene imayenera kudzaza. Akutsukeni m'mutu kapena akukonzeni zikhadabo, mulipire monga wina aliyense. Muli pampando pamenepo, yang'anani. Kodi anthu akalowa amafunsa dzina la ndani? Ndalama ikaperekedwa ikupita kuti, mu kabati kapena m'thumba la munthu? Lisiti likulembedwa? Tawulo limene akupukutirani ndi louma? Chipeso chachoka m'mutu mwa wina n'kubwera mwa inu osatsukidwa? Antchito akulankhulana bwanji mwini wake akatuluka?

Cholinga chanu ndi kupeza chifukwa chenicheni chimene saluniyo ikugwera, pakuti wogulitsa adzakuuzani chifukwa chokoma m'makutu, monga kutopa kapena kusamuka. Pali zifukwa zimene zimakonzeka: mwini wake sapezekapo, ndalama zimatayika m'njira, ukhondo unalowa pansi, mitengo sinasinthidwe kwa zaka, makasitomala amadikira nthawi yaitali. Palinso zimene inu simungazikonze ngakhale mutalimbika bwanji: lendi yokwera kuposa zimene malowo angabweretse, malo amene anthu anasiya kudutsako, madzi kapena magetsi osadalirika m'nyumbayo, kapena mwini nyumba amene akufuna kuigwetsa. Zikakhala zoterezi, isiyeni. Saluni yotchipa pamalo olakwika imadya ndalama mwezi ndi mwezi mpaka mutatopa.

Chifukwa china chili pakatikati. Nthawi zambiri saluni imagwa chifukwa katswiri amene anthu ankamutsata anachoka ndi makasitomala ake. Fufuzani kuti anachokeranji. Ngati anachoka chifukwa cha malipiro ochedwa, otsalawo nawonso ali m'njira.

3. Pemphani mabuku, ndipo musakhulupirire buku limodzi

Pemphani zolemba za miyezi 12, kuti muone nyengo yabwino ndi yoipa yomwe. Kope lolembamo zolowa tsiku ndi tsiku lokha si umboni, chifukwa munthu akhoza kulilemba usiku umodzi. Liyerekezeni ndi zimene zinalowa ku banki ndi pafoni. Kenako liyerekezeni ndi zogula. Ngati kope likunena kuti anthu ambiri ankapakidwa dayi mwezi uliwonse koma malisiti akuonetsa kuti dayi ankagulidwa mwa apo ndi apo, pali china chake. Bilu ya magetsi ndi ya madzi nayonso imanena zoona, chifukwa saluni yotanganidwa imayatsa madraya ndipo imatsuka mitu.

Funsani za ngongole mmodzimmodzi, ndipo yankho lililonse likhale lolembedwa: lendi yotsalira, katundu wotengedwa pangongole kwa ogulitsa mankhwala a tsitsi, misonkho, malipiro a antchito, ndi zipangizo zimene sizinathe kulipiridwa. Pali ngongole ina imene ambiri amaiiwala, ya makasitomala amene analipiriratu. Akwati amene anapereka ndalama yoyamba, kapena anthu amene anagula makadi a mphatso, adzabwera kwa inu, ndipo mukawakana mbiri imene idzaipe ndi yanu. Ine ndinaphunzira izi sabata yachiwiri, mayi wina atabwera ndi kapepala kosonyeza kuti analipira kale kuti akonzedwe pamodzi ndi omuperekeza ake anayi. Tinawakonza mwaulere, ndipo ndalama ya tsiku lonse lotanganidwa inapita choncho.

Pa mtengo, chenjerani ndi ichi. Ngati wogulitsayo ankagwira yekha ntchito pampando, phindu limene akukuonetsani lili ndi thukuta lake mkati. Inu simudzaluka, ndiye mudzalemba munthu wolowa m'malo mwake. Chotsani malipiro a munthu ameneyo pa phindulo, mudzaona chimene chatsala. Kawirikawiri pa saluni yomwe ikugwa sipatsala kanthu, ndipo pamenepo mtengo woyenera ndi wa zipangizo monga zilili lero, kuwonjezerapo kangachepe chifukwa cha dzina ndi makasitomala. Yesani chipangizo chilichonse ndi manja anu. Yatsani draya aliyense kwa mphindi 15, tsegulani mipope yonse, kwezani ndi kutsitsa mpando uliwonse. Katundu wa m'mashelefu musamuwerengere pa mtengo wogulira musanaone madeti ake.

4. Mwini nyumba, mapepala ndi pangano

Kumanani ndi mwini nyumba musanapereke ndalama iliyonse. Pangano la lendi la munthu wina silisamukira kwa inu lokha. Nthawi zambiri pamafunika chilolezo cha mwini nyumbayo kapena pangano latsopano m'dzina lanu. Mufunseni ngati pali lendi yotsalira, kuti lendi idzakwera liti, ndiponso kuti pangano ndi la zaka zingati. Musamange mbiri pamalo amene mukhoza kuchotsedwa pakatha miyezi 6.

Pali njira ziwiri zogulira bizinesi. Mukhoza kugula kampani yonse, ndiye kuti mwatenga zabwino zake pamodzi ndi ngongole zake, zodziwika ndi zobisika zomwe. Kapena mukhoza kugula katundu wake yekha: zipangizo, dzina, nambala ya foni, mndandanda wa makasitomala, n'kulembetsa bizinesi yanuyanu. Pa saluni yomwe ikugwa, njira yachiwiriyi ndiyo yotetezeka. Komabe malamulo okhudza antchito amasiyana dziko ndi dziko, ndipo m'mayiko ena maufulu awo amasamukira kwa wogula ngakhale atagula katundu yekha. Apa lipirani loya awerenge panganolo. Funsaninso ku ofesi yopereka ziphaso za malonda ndi ya zaumoyo kwanuko ngati chiphaso chakale chingasinthidwe dzina kapena mufunika chatsopano.

M'pangano mukhale zinthu izi. Mndandanda wa chipangizo chilichonse chimene mwagula. Mawu akuti ngongole zonse za tsiku logula lisanafike ndi za wogulitsa. Lonjezo lakuti wogulitsayo sadzatsegula saluni ina pafupi kwa nthawi imene mwagwirizana, ngati malamulo a kwanu amalola zimenezo. Nambala ya foni ya saluni ndi tsamba lake la Facebook kapena Instagram ziperekedwe kwa inu tsiku lomwelo, mawu achinsinsi musinthe muli pamodzi. Nambala imeneyo ndi imene makasitomala ali nayo m'mafoni mwawo, ikapita ndi wogulitsa ndiye kuti mwagula chipinda chopanda anthu. Pomaliza, musalipire zonse nthawi imodzi. Sungani gawo lina mpaka patatha miyezi iwiri kapena itatu, kuti ngongole yobisika ikatulukira muchotsepo pamenepo.

5. Kukhala pansi ndi antchito

Apa ndi pamene pali ntchito yeniyeni, ndipo malangizo ambiri amangodutsapo ndi mawu awiri. Anthu amene mwawapeza mu saluni yomwe ikugwa ndi anthu otopa. Ena sanalipidwe mokwanira kwa miyezi. Amva mphekesera kuti saluni ikugulitsidwa, ndipo aliyense wayamba kale kufunafuna kolowera. Kenako akuona mlendo amene sadziwa n'kugwira chipeso komwe akubwera kudzawalamula. Mukalowa ndi malamulo atsopano tsiku loyamba, katswiri wanu adzachoka sabata isanathe.

Pemphani wogulitsa akulolezeni kulankhula nawo musanamalize kugula. Akakana chifukwa choopa kuti athawa, gwirizanani kuti mudzawauza muli awiri tsiku losainira, ndipo inu mukhale ndi nthawi yocheza ndi aliyense payekha tsiku lomwelo kapena lotsatira. Pagulu palibe amene adzakuuzeni zoona. Khalani malo opanda kasitomala, foni muike pansi, ndipo mufunse mafunso ochepa: Mwagwira pano nthawi yaitali bwanji? Muli ndi ndalama imene simunalandire? N'chiyani chimakulepheretsani kugwira bwino ntchito? Makasitomala amene anasiya kubwera anasiyiranji? Mukanakhala inu mwini wake, mukanayamba kukonza chiyani? Lembani mayankho pamaso pawo, ndipo musatsutse kalikonse tsiku limenelo.

Mu saluni yanga munali mayi wina wamkulu kwa ine, amene anagwiramo chitsegulireni. Anthu ambiri olowa ankafunsa iwowo. Titakhala pansi anandiyang'ana nthawi yaitali, manja atapinda, kenako anati: "Achemwali, ndikuuzeni zoona. Makasitomala anga ambiri ndimawakonzera kunyumba Lamlungu. Pano ndimangobwera kuti ndisakhale pakhomo." Mtima unandipweteka, chifukwa amenewo anali makasitomala amene ndinkaganiza kuti ndawagula. Ndinawafunsa kuti, "Mayi, chinayambitsa n'chiyani?" Anandiwerengera pa zala: malipiro ankabwera mochedwa ndipo osakwanira, shampu ankathiridwa madzi kuti achuluke, ndipo kasitomala wina atapsa khungu ndi mankhwala otha ntchito, amene anatukwanidwa anali iwowo. Sanabe makasitomala chifukwa cha dyera. Anawatenga chifukwa ankachita manyazi kuwakonzera pamalo otero.

Ndinawauza kuti sindingawaletse tsiku limenelo, pakuti ndinali ndisanachite chilichonse choti andikhulupirire. Ndinalonjeza zinthu zitatu zokha zimene ndinkadziwa kuti ndikwanitsa: malipiro pa tsiku lake, mankhwala enieni osasungunula, ndi kuti kasitomala akadandaula ndidzaima kutsogolo ndine. Ndinawapempha kuti akaona zitatuzi zikuchitika kwa miyezi iwiri, ayambe kubweza makasitomala awo. Anayamba kuwabweza mwezi wachitatu, mmodzimmodzi, ndipo lero ndi iwo amene amayang'anira saluniyo ine kulibe.

Kugwira ntchito kumbali kumachitika m'masaluni ambiri, ndipo kuopseza sikukuthetsa. Kumachepa munthu akaona kuti kukonzera kasitomala mu saluni kukumupindulira mofanana kapena kuposa kunyumba. Ndiye ganizirani bwino za kalipiridwe. Pali njira zitatu zodziwika. Malipiro okhazikika a pamwezi amapatsa wantchito mtendere, koma inu mumalipira ngakhale mipando ili yopanda anthu, ndipo wakhama ndi waulesi amalandira zofanana. Komishoni ndi pamene wantchito amalandira gawo la ndalama ya kasitomala aliyense amene wamukonza; imalimbikitsa khama, koma imabweretsa kulimbirana makasitomala, ndipo mwezi woipa wantchito amavutika. Njira yachitatu ndi kubwereketsa mpando, pamene katswiri amakulipirani lendi ya mpando pa sabata kapena pamwezi, ndalama za makasitomala ake n'kukhala zake. Njira imeneyi ndi yopepuka kwa munthu wotanganidwa ngati inu, koma dziwani kuti simungamulamule mitengo kapena maola, ndipo makasitomalawo ndi ake. Ine ndinasankha kuphatikiza ziwiri zoyambazo: malipiro okhazikika osatsika pa amene lamulo limanena, ndi komishoni pamwamba pake. Chilichonse chimene mungasankhe, chilembedwe, aliyense asaine, ndipo aliyense athe kudziwerengera yekha zimene alandire.

Za malipiro akale amene sanaperekedwe, yesetsani kuti wogulitsa awalipire kuchokera pa ndalama yogulira, inu mukuona. Ngakhale lamulo litati si ngongole yanu, wantchito amene akudandaula za ndalama yake sangamwetulire kasitomala wanu.

Musachotse munthu mwezi woyamba pokhapokha pa kuba koonekeratu kapena nkhanza kwa kasitomala. Amene akuoneka waulesi mwina wangotaya mtima. Musabweretsenso mnzanu kapena m'bale wanu kuti adzakhale woyang'anira anthu amene agwiramo zaka, pomwe iye ntchitoyo saidziwa. Woyang'anira asankhidwe pakati pawo, akhale amene anzake amamumvera kale, alipidwe kanthu kowonjezera, ndipo adziwe bwinobwino zimene angagamule yekha ndi zimene ayenera kukufunsani. Popanda munthu ameneyu, foni yanu idzalira tsiku lonse ndipo ntchito yanu ina idzafa.

6. Mwezi woyamba sinthani ukhondo ndi mankhwala, zina zidikire

Mtima udzafuna penti watsopano, dzina latsopano ndi chikwangwani chowala. Dikirani. Ndalama yoyamba ipite ku zimene zimakhudza thupi la kasitomala. Tsitsani botolo lililonse pa shelefu. Pa mabotolo ambiri pali kachithunzi ka kabotolo kotsegula kolembedwa 6M, 12M kapena 24M, kutanthauza miyezi imene mankhwalawo angagwiritsidwe ntchito chitsegulireni. Limene palibe akudziwa kuti linatsegulidwa liti, litayeni, ndipo kuyambira pamenepo botolo lililonse lizilembedwa deti lotsegulira.

Zipeso, malumo ndi makina ometera zitsukidwe kaye ndi sopo kuti tsitsi ndi mafuta zichoke, kenako ziviikidwe m'mankhwala ophera tizilombo kwa nthawi yonse imene yalembedwa pa botolo. Kungoviika n'kuvuula sikupha kanthu. Chipere cha m'mutu chimafala kudzera m'zipeso ndi makina, ndipo lezala logwiritsidwa ntchito kawiri likhoza kufalitsa matenda oyenda m'magazi monga hepatitis B. Lezala likhale latsopano kwa munthu aliyense, tawulo likhale lochapa kwa munthu aliyense.

Ngakhale simugwira mutu, dziwani zinthu zingapo kuti muzitha kufunsa. Mankhwala ambiri owongola tsitsi ali ndi sodium hydroxide, amene amawotcha khungu akakhalitsa. Pobwereza amapakidwa pa tsitsi longomera kumene lokha, ndipo popeza tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pamwezi, kubwereza pasanathe milungu 8 kumafika pa tsitsi lowongoledwa kale n'kulithothola. Dayi wakuda wambiri ali ndi mankhwala otchedwa PPD, amene anthu ena thupi lawo limadana nawo mpaka kutupa nkhope. N'chifukwa chake opanga dayi amalangiza kuyesa kadontho kuseri kwa khutu kapena mkati mwa chigongono maola 48 munthu asanapakidwe. Kuluka kokoka kwambiri kumathothola tsitsi la m'mphepete mwa mphumi, ndipo zikapitirira kwa zaka silimeranso. Mankhwala ena osalalitsa tsitsi otchedwa keratin amatulutsa mpweya woipa wotchedwa formaldehyde akatenthedwa, choncho pamafunika mpweya wokwanira, monganso pa tebulo la zikhadabo. Mwini saluni akamafunsa zinthu izi, antchito amadziwa kuti wabwera kudzagwira ntchito.

7. Werengani mtengo wa ola limodzi la mpando

Saluni imagulitsa nthawi. Kuti mudziwe ngati mitengo yanu ili bwino, phatikizani zonse zimene mumalipira pamwezi kaya kasitomala abwere kaya asabwere: lendi, malipiro okhazikika, magetsi, madzi, chiphaso. Kenako werengani maola a mipando. Mwachitsanzo, mipando 3, maola 8 patsiku, masiku 26 pamwezi, ndi maola 624. Koma mipando sikhala yodzaza nthawi zonse. Ngati imadzaza theka la nthawi, maola ogulitsidwa ndi 312. Tinene kuti zolipira zanu zonse ndi 3,120 m'ndalama ya kwanu. Ndiye kuti ola lililonse liyenera kubweretsa 10 musanawerengere mankhwala, komishoni ndi phindu. Kuluka kotenga maola 6 kuyenera kubweretsa 60 kuti mpando wokha ulipiridwe.

Mukachita masamu amenewa pa ntchito iliyonse, mudzadabwa. Ine ndinapeza kuti kuluka kwina kumene tinkanyadira, kotenga pafupifupi tsiku lonse, tinkaluza nako, pamene kutsuka ndi kuumitsa kwa mphindi 45 ndiko kunkalipira lendi. Kwezani mitengo pang'onopang'ono, yambani ndi ntchito zimene zikukuluzitsani, ndipo dziwitsani makasitomala milungu ingapo zisanachitike. Kwezani pambuyo poti ukhondo ndi kusunga nthawi zasintha, kuti munthu aone chimene akulipirira. Mitengo ilembedwe pakhoma poonekera, kuti pasakhale mtengo wina wa wodziwika ndi wina wa mlendo.

8. Itanani akale musanasake atsopano

Munthu amene ankabwera n'kusiya amadziwa kale njira. Woyenera kumuimbira kapena kumulembera ndi katswiri amene ankamukonza, ndi mawu ochepa oona: saluni ili m'manja mwa wina, zakutizakuti zakonzedwa, bwerani mudzaone. Amene wanena kuti asalemberedwenso, musamuvutitse. Pewani kutsitsa mitengo kwambiri pofuna kukopa anthu, chifukwa obwera chifukwa cha kutchipa amachoka mtengo ukabwerera.

Chizolowezi chimodzi chimene chinasintha zinthu kwathu ndi kufunsa kasitomala asanatuluke kuti abweranso liti, n'kulemba tsikulo m'buku, kenako n'kumukumbutsa kutatsala tsiku limodzi. WhatsApp Business imathandiza pa izi, ndipo kulembetsa saluni pa Google Maps ndi maola olondola n'kwaulere. Zithunzi za ntchito yanu jambulani powala bwino, ndipo pemphani chilolezo kwa mwini mutu musanaziike pa intaneti. Dzina la saluni lisinthidwe pokhapokha ngati lakale lili ndi mbiri yoipa imene anthu sangaiwale.

9. Matumba awiri, kalendala imodzi

Saluni ikhale ndi akaunti yakeyake ku banki ndi nambala yakeyake yolandirira ndalama pafoni. Ndalama iliyonse yochoka ku ntchito yanu kupita ku saluni ilembedwe ngati ngongole, ndi deti lake, ndipo iwerengeredwe pa malire aja munalemba poyamba. Popanda izi mudzakhala mukutungira madzi m'dengu osadziwa, chifukwa ndalama ya ntchito yanu ikamabwera imabisa kuti saluni ikuluza. Musatengenso ndalama mu kabati ya saluni pogulira zapakhomo, ngakhale yochepa, pakuti antchito akaona inu mukutero nawonso adzatero.

Madzulo aliwonse woyang'anira akutumizireni chithunzi cha tsamba la tsikulo: makasitomala angati, ntchito yanji, anakonza ndani, analipira bwanji. Kuliona kumatenga mphindi 5. Kamodzi pa sabata, tsiku lokhazikika, khalani naye pansi muwerenge ndalama, katundu wotsala ndi madandaulo. Kuwonjezera apo muzifika nthawi zina mosayembekezeka. Cholinga si kugwira wakuba. Mukufuna kuona saluni monga kasitomala amaionera.

Nthawi ya ntchito yanu itetezeni monga mumatetezera ndalama. Mwezi wachiwiri ine ndinalephera pa ichi. Mpope wa sinki unaphulika, ndinathera masiku awiri ndikuthamanga ndi okonza, ndipo chikuto cha buku chimene ndinalonjeza ndinachipereka mochedwa. Kasitomala ameneyo, amene ndinagwira naye ntchito zaka zingapo, sanabwerenso, ndipo ndalama imene ankandipatsa inali yoposa phindu la saluni panthawiyo. Kuyambira pamenepo maola a m'mawa ndi a kompyuta, foni ya saluni siyankhidwa kupatula pa moto, kuvulala kwa munthu kapena kubwera kwa oyendera a boma. Woyang'anira ali ndi ndalama yochepa imene angagwiritse ntchito osandifunsa, komanso manambala a wokonza mipope ndi wa magetsi. Makasitomala anu a pa kompyuta muziwapatsa masiku okhala ndi mpata, ndipo mukaona kuti muchedwa auzeni msanga tsiku lisanafike.

10. Ikiranitu tsiku loweruza

Tsiku logula lomwelo, lembani pa kalendala deti la pakatha miyezi 6. Likafika, yang'anani zinthu zitatu. Kodi saluni ikulipira yokha lendi, malipiro ndi mankhwala popanda ndalama ya ku ntchito yanu? Kodi maola a mipando odzaza akuwonjezeka mwezi ndi mwezi? Kodi mwa makasitomala amene anabwera mwezi wachitatu, ndi angati amene abweranso? Ngati ziwiri mwa zitatuzi zikuyenda bwino ndipo malire a ndalama simunawadutse, pitirizani, muikenso deti lina pakatha miyezi ina 6. Apa ndi pamene mungayambe kubweza ngongole ija ku thumba lanu pang'onopang'ono, ndi kuganiza za penti ndi chikwangwani.

Ngati zonse zitatu zaima kapena malire mwawafika, musawonjezere ndalama poganiza za imene yalowa kale. Yambani mwafunsa katswiri wanu wamkulu ngati angafune kuigula molipira pang'onopang'ono, kapena sinthani kuti mipando yonse ikhale yobwereketsa, inu muzingolandira lendi. Zikakanika, dziwitsani antchito ndi mwini nyumba nthawi ikadalipo monga mapangano anu akunenera, bwezani ndalama za makasitomala amene analipiriratu, ndipo pa ndalama yogulitsa zipangizo malipiro a antchito atuluke poyamba.